Nkhokwe za m'Khosi: Maselo a Chithokomiro Akaleka Kugwirana

Munthu wotsika msewu wokhotakhota wa ku Honde Valley m'bandakucha, nkhungu isanayalule mapiri a Nyangani ndiponso mathithi a Mutarazi akuoneka chapatali ngati thonje lolendewera pathanthwe, akadutsa ku Samanga ndi ku Hauna n'kulowera ku minda ya tiyi ya Eastern Highlands ndi Aberfoyle, amakumana ndi amayi atabereka madengu kumsana. Ndipo akatchera khutu, pakati pa Chimanyika cha eni nthaka amamvamonso Chinyanja cha adzukulu a anthu aja amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, enanso atalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, kudzagulitsa mphamvu zawo m'dziko lino. Chomwechonso ku Chipinge, kumene tiyi anayamba kubzalidwa m'zaka za m'ma 1920 pa munda wa New Year's Gift m'mbali mwa mtsinje wa Tanganda. Koma lero sindifuna kukamba za tsamba la tiyi ayi. Ndifuna kukamba za khosi la mayi wothyola tsambalo, pakuti m'makosi a amayi a kumapiri kuno mwakhala nkhani yakalekale imene ambiri a ife tinaizolowera kotero kuti tinaleka kuiona.

Nkhani yake ndi chithokomiro. Aliyense wokulira m'komboni ya pa esiteti akumbukira gogo wina wa khosi lotupa, womanga kansalu kapena mikanda pamwamba pake, amene ukamufunsa ankangoti, "Mwanawe, ichi nchakale, amayi anganso anali nacho, ndipo sichipweteka." Kuchipatala kayesedwe kake nkosavuta. Dokotala amaima kumbuyo kwa wodwala, nayika nsonga za zala zake pansi pa kholingo mbali zonse ziwiri, namupatsa kapu ya madzi nkunena kuti, "Mayi, tamwani pang'ono, musungire m'kamwa, tsopano mezani." Chotupacho chikakwera pamodzi ndi kholingo pomeza, nkutsikanso, ndiye kuti chamera pa kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, kamene kulemera kwake mwa munthu wamkulu kumangokhala pafupifupi magalamu 20, koma kamene mahomoni ake ndiwo alamulira kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, ndi kukula kwa bongo wa mwana ali m'mimba.

Kachiwalo kameneka sikagwira ntchito popanda ayodini. Munthu wamkulu afuna mamaikulogalamu 150 okha patsiku, muyeso wochepetsetsa kotero kuti wa moyo wake wonse ungakwane pa supuni ya tiyi; koma mvula yamvumbi imene imasangalatsa tiyi ndi nthochi za m'chigwa chino ndi yomweyonso imene kwa zaka zikwizikwi yakhala ikutsuka ayodini m'dothi la kumapiri ndi kum'tengera kunyanja. Chithokomiro chikasowa ayodini chimakula, monga munthu wotambasula ukonde waukulu m'dziwe la nsomba zochepa. Kafukufuku wa dziko lonse la Zimbabwe wa mu 1988 anapeza kuti mwa ana asukulu 100 aliwonse, oposa 40 anali ndi chithokomiro chotupa. Boma linalamula kuti mchere wonse wogulitsidwa uzikhala wothira ayodini, ndipo pofika 1995 unali utafala m'magolosale. Walira mvula walira matope: chaka chomwecho Dr Charles Todd ndi anzake a pa University of Zimbabwe analengeza m'magazini ya The Lancet kuti achikulire ena a zotupa zakale, atalandira ayodini wambiri mwadzidzidzi, anayamba kuwonda, kunjenjemera ndi kuthamanga mtima, ndipo muyeso wa ayodini mumchere unayenera kuyang'aniridwa bwino. Ngakhale kunali tero, ine ndiuyesa mcherewo mdalitso waukulu, pakuti makosi a ana a lero ngosalala. Otsala ndi amayi awo ndi agogo awo, amene zotupa zawo zinaumbika lamulolo lisanadze.

Tsono mwa zotupa zonsezi, zochuluka zedi si khansa; mwa timibulu 100 topezeka m'chithokomiro, ta khansa timangokhala pakati pa 5 ndi 10. Chosautsa nchakuti maso satha kusiyanitsa. Chotupa chachikulu ngati papaya chingathe kukhala pakhosi zaka makumi anayi osavulaza mwini wake, pamene kambulu kochepa ngati nsawawa, kosalala, kosapweteka, kangathe kukhala katatumiza kale mbewu zake kumafupa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chisiyanitsa ziwirizi si kukula kwake, koma chinthu chobisika chimene ndifuna tichiyang'ane modekha: ngati maselo a m'chotupamo akadagwirana manja ndi anzawo, kapena ataleka.

Mutadula kachidutswa kopyapyala ka chithokomiro chabwino ndi kukaika pansi pa maikulosikopu, mudzaona tinkhokwe tambirimbiri tozungulira, toyandikana ngati nkhokwe za pamudzi wa mfumu chaka cha dzinthu. Kankhokwe kalikonse, kawirikawiri kosafika ndi theka la milimita m'mimba mwake, kali ndi chipupa cha mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo m'kati mwake muli phala lokhuthala momwe mahomoni amasungidwa kudikira tsiku lofunika. Selo lililonse la m'chipupacho lidziwa nkhope yake ndi msana wake. Msana walozetsa kunja, kumene kuli timitsempha ta magazi, ndipo kumeneko ndiko limatapira ayodini. Nkhope yalozetsa m'kati, ndipo kumeneko ndiko limathira zimene lakonza. Mbali zake ziwiri zagundana ndi anansi. Yense amene analukapo nkhokwe adziwa kuti mphamvu yake siikhala mu nsungwi imodzi, koma m'mene nsungwi iliyonse yapanikizira inzake; imodzi ikasololoka, chimanga chiyamba kutayika ndipo khoswe apeza khomo.

Funso lakuti nchiyani chimanga maselo pamodzi linavutitsa anzeru kwa zaka zambiri. Mu 1907 Henry Van Peters Wilson wa ku North Carolina anatenga siponji yamoyo ya m'nyanja, naifinyira pa nsalu ya silika monga mayi asefera ufa, kufikira inasanduka madzi amatope a maselo omwazika. Ndipo taonani, atawasiya m'mbale ya madzi a m'nyanja, maselowo anakwawa kufunana, nagwirana, naumbanso timasiponji tatsopano. Mu 1944 Dale Coman wa ku University of Pennsylvania anatenga tisingano tiwiri tagalasi, nabaya nato maselo awiri ogwirana, nawakoka kuti aone mphamvu yofunika kuwalekanitsa, ndipo anapeza kuti maselo a khansa amalekana mosavuta koposa maselo abwino. Koma chingwe chenichenicho palibe anachiona kufikira Masatoshi Takeichi wa ku Japan, amene mu 1977 anasonyeza kuti pakhungu la selo pali puloteni wina amene amagwira ntchito pokhapokha pali kashiamu. M'zaka zotsatira, ali ku Kyoto, iye ndi ophunzira ake anam'patsa puloteniyo dzina lakuti cadherin, ndipo wa mtundu umene umapezeka m'maselo okuta ziwalo, monga a chithokomiro, anamutcha E-cadherin.

Tiyeni tim'yerekeze ndi mkono. Mkonowo wabowola khungu la selo nutulukira kunja, ndipo uli ndi mfundo zisanu. Pakati pa mfundo ndi mfundo pakhala kashiamu woumitsa, amene akachotsedwa mkono umalefuka ngati chingwe chonyowa. Dzanja la kunsonga limagwira dzanja la E-cadherin wa selo loyandikana nalo, ndipo limakonda kugwira la mtundu wake womwewo, nchifukwa chake maselo a fuko limodzi amapezana ngati mmene anachitira a siponji aja. Dzanja limodzi nlofooka, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma manja zikwizikwi akandandalikana amapanga lamba wozungulira selo lonse. Ndipo popeza mkono wopanda phewa sugwira kanthu, m'kati mwa selo muli mapuloteni ena omangirira tsinde la mkonowo ku mafupa a selolo, amene ofufuza a ku Freiburg ku Germany mu 1989 anawatcha catenin, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza unyolo. Mwa iwo, wotchedwa beta-catenin tim'kumbukire, pakuti tidzakumana nayenso. Ndipo pano ndichenjezeretu, kuti wina angaganize kuti kumwa mkaka wambiri kapena mapiritsi a kashiamu kungalimbitse manjawa ndi kuletsa khansa: magazi a munthu amasunga kashiamu pa muyeso wake nthawi zonse, ndipo chimene chimasowa m'khansa ndi mkono, osati kashiamu.

Kugwirana kumeneku sikungomanga kokha, kumalangizanso. Selo likamva manja a anansi ake mbali zonse limadziwa kuti malo adzaza, ndipo limaleka kuswana. Limadziwanso kumene kuli nkhope ndi msana, motero chotapira ayodini limachiika pamalo pake. Mu 1993 Georg Brabant ndi anzake a ku Hannover anayeza E-cadherin m'zithokomiro zosiyanasiyana, ndipo zimene anapeza zatsimikizidwa ndi ena ambiri pambuyo pake. M'chithokomiro chabwino ndi m'zotupa zopanda khansa, puloteniyu ali wochuluka. M'khansa zimene maselo ake akadafanana ndi makolo awo, alipo koma wachepa mwa apo ndi apo. M'khansa yoopsa koposa zonse, yotchedwa anaplastic, watsala pang'ono kutheratu kapena kulibiretu. Akatswiri oyeza minofu ali ndi utoto umene umamatirira pa E-cadherin yekha numusandutsa wofiirira. Pa kagalasi ka chithokomiro chabwino, utotowo umajambula mzere wowala m'malire a selo lililonse, ndipo chithunzi chonse chimaoneka ngati chisa cha njuchi. Pa kagalasi ka khansa, mizereyo imadukaduka, kwina yazilala, kwina utoto wagwera m'kati mwa selo m'malo mokhala pamalire. Ndipo pa ka anaplastic diso lifunafuna chisa chija osachipeza, koma maselo aatali osongoka, ena a zimphona, obalalika ngati nkhosa zopanda mbusa.

Chimene chimandidabwitsa ine nchakuti m'khansa ya chithokomiro, malangizo achibadwa opangira E-cadherin, olembedwa mu DNA pamalo otchedwa CDH1, kawirikawiri sakhala ataonongeka. Buku lilipo, lathunthu, koma latsekedwa. Nthawi zina selo limamata tizidindo pachikuto chake kuti lisawerengedwe. Nthawi zina limadzutsa mapuloteni otchedwa Snail, Twist ndi ZEB, amene amakhala pamwamba pa bukulo ngati alonda a pachipata. Alonda amenewa si alendo m'thupi. Ndiwo amene amamasula maselo kuti ayende pamene mwana akuumbika m'mimba, ndiponso pamene bala likupola ndipo khungu liyenera kukwawa kukatseka pobowoka. Khansa imangoba mphatso yabwinoyo ndi kuigwiritsa ntchito pa nyengo yosayenera. Chimodzi mwa zowadzutsa ndi kusintha kwa chilembo chimodzi chokha m'malangizo otchedwa BRAF, kumene kumapezeka mwa pafupifupi theka la khansa za mtundu wa papillary.

Nanga unyolo uja, mkono ukachoka, utsala ukuchitanji? Beta-catenin ali ndi ntchito ziwiri. Pamalire ndi womanga; koma akamasuka, ndi kupulumuka kwa mapuloteni amene ntchito yawo ndi kum'phwanya, amalowa m'phata la selo, momwe muli DNA, ndi kukatsekula malangizo akuti selo liswane ndi kuyenda. Mu 1999 ofufuza a ku Yale anasonyeza kuti m'khansa zambiri za anaplastic, beta-catenin wachoka pamalire ndipo wakhala m'phata. Motero yemwe anali msomali wa chitseko ndi yemweyo asanduka mthenga woitanira ku chipanduko.

Komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti selo la khansa langotaya manja basi, pakuti chopanda pogwira sichiyenda. Wokwera phiri la Nyangani tsiku lamvula adziwa kuti phazi lifuna popondapo. Selo limasiya abale ake ndi kugwira zina. Limatulutsa N-cadherin, amene amagwirana ndi maselo a m'minofu yozungulira ndi a m'zipupa za mitsempha. Limasintha mapuloteni otchedwa integrin, amene ali ngati mapazi ake, kuti apondere pa ulusi wa pakati pa maselo, ndipo limadziyalira lokha msewu wa puloteni wotchedwa fibronectin. Mu khansa ya papillary, puloteni womatira wotchedwa CD56, amene amapezeka m'tinkhokwe tabwino, amazimiririka, pamene galectin-3 ndi claudin-1 amachuluka. Ndipo awiri oyambawo akatswiri amawagwiritsa ntchito ngati mboni pamene kagalasi kakuwakayikitsa. Mu 2007 gulu la ku Ohio State University linayerekeza pakati pa chotupa ndi m'mphepete mwake, nilipeza kuti kusintha kumeneku kumakula m'mphepete, pamene khansa ikukumana ndi mnofu wabwino. Pakati maselo angakhale akadagwirana ndithu. A kumalire ndiwo ayamba ulendo, ndipo kawirikawiri amanyamuka m'timagulu, wotsogola atamasuka, otsatira akugwirana chigwirire.

Njira ya ulendowo imatsata mtundu wa khansa. Ya papillary, imene padziko lonse ndiyo yochuluka, pafupifupi 80 mwa 100, ndiponso imene inabuka mwa ana a ku Belarus ndi Ukraine pambuyo pa ngozi ya ku Chernobyl ya mu 1986, imakonda kulowa m'njira za anabere a m'khosi, ndipo imayenda pang'onopang'ono kotero kuti ambiri opatsidwa chithandizo amafika ku ukalamba. Ya follicular imabowola mitsempha ya magazi nipita kumapapo ndi kumafupa, ndipo nthawi zina imayamba kudziwika ndi chotupa chofewa pamutu kapena ndi fupa lothyoka popanda kugwa kwenikweni. Ndipo apa ndi pamene nkhani ya m'malabotale a ku Kyoto ndi Hannover ifikira pakhomo pathu, pakuti kumene ayodini wakhala akusowa kwa nthawi yaitali, monga kumapiri athu ano, gawo la follicular ndi la anaplastic limakhala lalikulu koposa kumaiko a ayodini wokwanira; madokotala a ku Harare ndi a ku Johannesburg analemba zimenezi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Amayi ndiwo agwidwa kwambiri, pafupifupi atatu pa bambo mmodzi.

Khansa ya follicular ili ndi chinyengo chake. Dokotala akabaya chotupa ndi kasingano kuti ayamwe maselo ochepa, ya papillary amaizindikira ndi maonekedwe a phata la selo. Koma maselo a follicular amafanana ndi a chotupa chosalakwa monga mapasa, kotero kuti singano siitha kuweruza mlandu. Chotupacho chiyenera kuchotsedwa pa opaleshoni pamodzi ndi theka la chithokomiro, ndipo katswiri ayenera kuyendera chikuto chake chonse, kagalasi ndi kagalasi, monga mlimi ayendera mpanda wa dimba kufunafuna pamene mbuzi yabowola. Akapeza malo amodzi okha pamene maselo apyola chikutocho kapena alowa m'mtsempha, ndiyo khansa. Akapanda kupeza, si khansa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Chiweruzo chonse chagona pa funso lomwe lija la kugwirana, ngakhale utoto wa E-cadherin sugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipatala, pakuti mapazi a wothawa amaoneka pampanda ndi utoto wamba.

Pali chitonthozo chimodzi chachikulu, ndipo chichokera ku buku lija lotsekedwa koma losang'ambika. Maselo a follicular akafika m'fupa kapena m'mapapo, ambiri amatsekulanso bukulo, nagwirananso manja, namanganso tinkhokwe, nayambanso kutapa ayodini, pakuti madzi saiwala khwawa. Kukumbukira kumeneko ndiko kumawaphetsa. Mu 1946 Samuel Seidlin wa pa chipatala cha Montefiore ku New York analengeza za wodwala wa khansa yofalikira amene anam'mwetsa ayodini wa cheza, ndipo maselo a khansa, kulikonse kumene anabisala, anam'meza ayodiniyo napsa nacho cheza chake. Kufikira lero, chithokomiro chikachotsedwa, kawirikawiri njira imeneyi ndiyo isesa zotsalira, ndipo wodwala amakhala akumwa piritsi limodzi la levothyroxine m'mawa uliwonse m'malo mwa mahomoni amene anataya. Koma selo limene laiwala anansi ake kotheratu limaiwalanso nkhope ndi msana wake, chotapira ayodini chimazimiririka, ndipo mankhwalawo amangolidutsa. Nchifukwa chake anaplastic, ngakhale ili 1 kapena 2 mwa 100, imapha theka la ogwidwa nayo isanathe miyezi 6. Ndipo nthawi zambiri imaphuka mwa okalamba, m'kati mwa chotupa chimene chinakhala phee zaka zambiri, khansa yofatsa itasanduka yolusa. Ofufuza tsopano akuyesa kukumbutsa maselo oiwalawo. Mu 2013 madokotala a ku Memorial Sloan Kettering anasonyeza kuti mankhwala otchedwa selumetinib anachititsa zotupa zina zimene zinaleka kumeza ayodini kuyambanso kum'meza, ndipo mu 2018 dziko la America linavomereza dabrafenib ndi trametinib pa anaplastic ya BRAF. Mtengo wake, kwa munthu wolipidwa pa kilogalamu ya tsamba, uli kutali ngati mwezi, ndipo mtima wanga umawawa polemba zimenezi.

Chimene chili pafupi ndi nthawi. Kuiwala kwa maselo kumene tafotokozaku kumatenga zaka, ndipo zaka zimenezo ndizo mpata wathu. Mayi amene chotupa chake chakale chayamba kukula msanga, kapena chauma ngati mwala, kapena chaleka kukwera pomeza. Amene mawu ake asasa kwa milungu popanda chimfine. Amene nsima yayamba kum'tsamwa kapena mpweya kum'banika akagona chagada. Amene watuluka mwanabere wosapweteka m'mbali mwa khosi. Ameneyo asadikire kuti nyengo yothyola ithe, ndipo asalole munthu kutema mphini pachotupacho. Ulendo wake ngwautali ndithu: kuchokera ku kiliniki ya pa esiteti kapena ya kumudzi kupita ku chipatala cha ku Hauna kapena cha ku Chipinge, kuchokera kumeneko kukwera mtunda kupita ku Victoria Chitepo ku Mutare, ndipo kukafunika, makilomita ena oposa 260 kukafika ku Parirenyatwa ku Harare, kumene kulinso kaundula wa khansa wa dziko lonse chiyambire 1985. Ndalama ya basi, ya sikani, ya malo ogona wodwazika, zonsezi zimatuluka m'dengu lomwelo la kumsana, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mabungwe athu a maliro ndi a mpingo, amene amasonkha mokhulupirika munthu akatisiya, akhoza kusonkhanso iye akadali moyo.

Pali sitepe imodzi yotsiriza imene ambiri amaiphonya. Opaleshoni ikatha, bala likapola, khosi likasalala, wodwala amabwerera kumudzi mokondwa, nayesa kuti nkhani yatha. Koma kachidutswa kaja kanaikidwa m'botolo la mankhwala oumitsa, kanalembedwa dzina lake, kanatumizidwa kwa katswiri wa maikulosikopu, ndipo patapita milungu kamabala pepala. Pa pepalalo ndi pamene palembedwa ngati chikuto chinali chathunthu kapena chobowoka, ngati m'mitsempha munali moyera kapena munalowa maselo, ndiponso ngati theka lotsala la chithokomiro lingasiyidwe kapena liyenera kuchotsedwa. Pepala limenelo silitsika lokha ku Samanga. Mwana wake wa mayiyo, kapena mlongo wake, ayenera kutenga khadi la kuchipatala, kukwera basi ya m'mamawa, kukaima pa zenera ndi kunena kuti, "Zikomo, ndadzatenga zotsatira za amayi anga."